Poto wa pulesha si bomba, bola musamugule m'kaunjika

Mwezi wathawu tinali pakhonde kwa mkulu wanga ku Area 25, tikulemba ziwiya zoti tigulire mwana wake amene akulowa m'banja. Mbale, mabeseni, mbaula, mithiko, zonse zinkadutsa popanda wotsutsa. Nditangotchula poto wa pulesha, uja wotseka thi n'kuphika ndi mphamvu ya nthunzi, pakhonde panati zii. Kenaka mayi wina wa kumpingo anaomba m'manja kamodzi n'kuti, "Mayi, mukufuna mwanayu akafere kukhitchini ukwati usanathe ndi chaka chomwe?" Mafoni anatuluka m'zikwama. Aliyense anali ndi kanema wake: uyu wa nyemba zili mbwee kudenga, uyo wa chivundikiro chitakanirira mu siling'i, winanso wa sitovu yophwanyika pakati. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa kuti makanemawo anajambulidwa kuti, kapena kuti mwini potoyo anachita chiyani zisanachitike. Zinali za kandimverere basi. Mkangano womwewu umabukanso pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp nthawi iliyonse makala akakwera mtengo. Ena amati potoyu ndiye chipulumutso cha mayi wa m'tauni, ena amati ndi bomba lokhala ndi chogwirira.

Ine ndili kumbali ya potoyu, sindibisa. Banja limene limaphika nyemba kawiri kapena katatu pa sabata, kaya pa gasi, pa magetsi kapena pa makala, likuyenera kukhala naye. Koma pali mawu awiri amene okonda potoyu amawameza, ndipo ine ndiwanena. Oyamba, akhale watsopano, wa chitsulo chosachita dzimbiri chija amati stainless steel, wopangidwa ndi kampani imene zipangizo zake zosinthira zimapezeka kuno. Achiwiri, amene aziphikirayo aonetsedwe kagwiritsidwe kake asanamuteleke pamoto. Ngozi zambiri zimene timaopazo zimachokera ku kagulidwe kathu, kakonzetsedwe kathu, ndi chizolowezi chathu chophunzira chida chatsopano mongoyerekeza.

Ndiyambe ndi chifukwa chimene nkhaniyi siili yachibwana. Kalembera wa mu 2018 anaonetsa kuti mabanja oposa 9 mwa 10 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Mu 2015 asilikali anachita kutumizidwa kukalondera nkhalango ya Dzalanyama, mu 2020 lamulo la za nkhalango linakhwimitsidwa, matumba amalandidwa pa Zalewa, koma njinga za makala zikulowabe m'tauni m'bandakucha uliwonse chifukwa anthu ayenera kudya. Tsono funsani mayi aliyense kuti ndiwo zimene zimamudyera makala ndi ziti. Sangatchule usipa kapena mpiru. Atchula nyemba, nzama, khobwe wouma, mang'ina ndi nkhuku ya chikuda. Nyemba za chaka chatha zimatha kukhala pamoto maola atatu, madzi kuwonjezera katatu, makala kawiri. Ndipo pali china chimene ambiri sitichidziwa. Madzi amawira pa madigiri 100 kumalo otsika okha, ngati ku Nsanje. Ku Lilongwe, kumene kuli pamtunda wa mamita oposa 1,000, amawira asanafike pamenepo, ndipo ku Dedza amawirira cha pa madigiri 95. Madzi akangowira satenthanso kuposa apo, ngakhale musonkhezere moto chotani. Amene amadandaula kuti kumapiri nyemba sizipsa msanga sanama, ndipo vuto si mbewu yokha.

Poto wa pulesha amathetsa vuto lomweli. Chivundikiro chimatseka thi, nthunzi imasowa pothawira, ndiye madzi amakakamizika kutentha mpaka cha pa madigiri 120. Pa kutentha koteroko nyemba zonyika usiku zimapsa pa mphindi 10 kapena 15 kuchokera pamene wezulo wa pa chivundikiro wayamba kulira, zosanyika zimatenga theka la ola kapena kupitirira pang'ono, mang'ina osakwana ola. Nzeruyi si yadzulo. Anayamba nayo ndi Denis Papin, katswiri wa ku France, mu 1679, ndipo iye yemweyo ndi amene anapanga kavalavu kotulutsa nthunzi ikachuluka, chifukwa anaona kuti popanda iko chiwiyacho chikhoza kung'ambika.

Apa ndi pamene otsutsa ali ndi mfundo yawo yoyamba, ndipo ndi yamphamvu. Amati chinthu chimene chimatsekera nthunzi m'kati n'choopsa mwachibadwa, ndipo kulakwitsa kamodzi kokha kungamusiye munthu ndi zipsera za moyo wonse. Sindikukana. Tiyeni tiwerengere limodzi. Chivundikiro cha masentimita 22 m'mimba mwake, poto akafika pachimake, chimakankhidwa kuchokera m'kati ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 380, kuposa matumba 7 a chimanga a makilogalamu 50. Munthu woopa zimenezi si wopusa. Komabe opanga mapoto amadziwa chiwerengero chimenechi kuposa ife, n'chifukwa chake poto wabwino samadalira chitetezo chimodzi. Pali kachitsulo kolemera ka pamwamba kamene kamanyamuka n'kutulutsa nthunzi ikakwana muyezo, ndiye wezulo uja. Kabowo kake kakatsekeka, pali kavalavu kachiwiri ka mphira kapena ka chitsulo chofewa chimene chimasungunuka, n'kutsegula njira ina. Mapoto ambiri amakono ali ndi kampata m'mphepete mwa chivundikiro pamene mphira wozungulira amatulukira zikavuta, komanso kachitsulo kokhoma kamene sikalola kuti mutsegule nthunzi ikadali m'kati. Kuti poto woteroyo aphulike, zonsezi ziyenera kulephera nthawi imodzi. Kawirikawiri zimatero munthu akazithandiza kulephera.

Ndinaziona ndi maso anga kwa azakhali anga ku Ndirande. Iwo anali ndi poto wakale wa aluminiyamu amene wachibale wina anabwera naye kuchokera ku Joni, wopanda kabuku, dzina la kampani litafufutika. Tsiku lina kukubwera alendo, anadzaza nandolo wouma mpaka m'khosi mwa poto. Anayamba kulira bwinobwino, kenaka anangoti chete. Azakhali anaganiza kuti moto wachepa, ndiye anawonjezera makala n'kupemerera ndi mbale. Chimene chinachitika n'chakuti makoko a nandolo ndi thovu zinali zitatseka kabowo ka nthunzi. Patapita mphindi zochepa tinangomva phuu! Kavalavu kachiwiri kanali katathudzuka, msuzi wa nandolo uli tsaa kumalata ngati mpopi wobooka. Tonse tinathawira panja, azakhali chitenje chili m'manja. Palibe anapsa. Mpaka lero iwo amati poto anaphulika, koma zoona zake n'zakuti phokoso lija linali la poto akuwapulumutsa.

Choopsa chenicheni chinachitika mawa lake. Azakhali anapita naye kwa mmisiri wina wokhoma zidebe ndi mbaula kumsika. Bamboyo, ndi mtima wabwino ndithu, anaona bowo pa chivundikiro, n'kulowetsapo bawuti, n'kumanga ndi nati mwamphamvu. "Ndatseka, amayi, sadzatulutsanso," anatero. Ananena zoona, ndipo vuto linali lomwelo. Poto amene dzulo lake anali ndi khomo lothawira anabwerera kunyumba alibe. Ife ndi anthu odziwa kukonza, ndipo luso limeneli latipulumutsa m'zambiri: ndowa imaphatikidwa, nsapato imasokedwa, wailesi imamangidwa ndi lamba wa tayala. Koma poto wa pulesha sakonzedwa mwa mtundu umenewu. Kavalavu kakathudzuka kamafuna kena ka kampani yomweyo, mphira akauma kapena kung'aluka amafuna wina wa saizi yomweyo, osati chidutswa cha chubu cha njinga. Ichi ndiye chifukwa ndikukana wa m'kaunjika. Simudziwa kuti anagwa kangati, anauma madzi ali pamoto kangati, ndipo kachitsulo ka pamwamba kangakhale kochokera pa poto wina, kolemera kuposa muyezo wake. Wa azakhali uja tinamulanda chivundikiro, pano amangotenthetsera madzi osamba.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi ya ndalama, ndipo imabwera pawiri. Ena amati potoyu ndi wa anthu a kumayadi. Ena amavomera kugula, koma amafunsa chifukwa chotayira ndalama pa wa stainless steel pamene wa aluminiyamu ndi wotsika mtengo, wopepuka, ndipo amatentha msanga. Ndivomereze kaye chimene chili choona. Ku India mabanja mamiliyoni amaphika mphodza ndi mpunga tsiku ndi tsiku m'mapoto a aluminiyamu a makampani ngati Hawkins ndi Prestige, ndipo amakhala nawo zaka. Mphekesera yoti aluminiyamu amayambitsa matenda oiwalaiwala akatswiri sanaitsimikize, choncho sindiopseza nayo munthu. Ngati thumba lanu likukwana wa aluminiyamu wa kampani yodziwika yekha, gulani ameneyo, ndi wabwino kuposa wonyezimira wopanda dzina. Chifukwa changa chokondera chitsulo chosachita dzimbiri chili m'makhitchini athu enieniwa. Ndiwo zathu sizisowa tomato ndi mchere, ndipo zowawasa ndi zamchere zimadya aluminiyamu pang'onopang'ono mpaka pansi pamachita timaenje. Soda ndi chidulo, zimene timathira mu thelele ndi mu nyemba zolimba, zimamudya koposa. Ndiye pali katsukidwe kathu. Timakwecha ndi mchenga, phulusa ndi sitilo wulu mpaka poto awale, ndipo kukwecha kulikonse kumachotsa kachitsulo pang'ono. Pa sefuliya wamba izi zilibe kanthu, akabooka mumangogula wina. Pa poto wolimbana ndi mphamvu ya matumba 7 aja, khoma lopyapyala ndi mlomo wopindika si zoseweretsa. Aluminiyamu ndi wofewa, akagwa pa simenti mlomo umakwinyika, mphira sagwiranso bwino. Chitsulo chosachita dzimbiri chimapirira zonsezi.

Nacho chili ndi zofooka zake, ndipo wogulitsa sangakuuzeni. Sichifalitsa kutentha mofanana, moti poto wa pansi popyapyala amapsereza ndiwo pakati m'mbali musanatenthe. Pachifukwa ichi, mukamagula mutembenuzeni. Pansi pake pakhale pochindikala, pa magawo atatu, aluminiyamu atapanidwa pakati pa zitsulo ziwiri. Yang'anani manambala akuti 18/8, 18/10 kapena 304. Amatanthauza kuti m'chitsulomo muli magawo 18 pa 100 a chromium ndi 8 kapena 10 a nickel, zimene zimaletsa dzimbiri. Werengani njira zotulutsira nthunzi pa chivundikiro, zisachepere ziwiri. M'kati mukhale mizere yosonyeza polekezera podzaza. Ndipo musanatulutse ndalama funsani funso limodzi: "Mphira wake ndi kavalavu muli nazo?" Akayamba kukanda m'mutu, tulukani. Kunena za kudula, ndalamayo ndi yambiri pa tsiku limodzi, n'zoona. Koma werengani timajumbo ta makala timene mphika umodzi wa nyemba umadya, muchulukitse ndi masabata a pa chaka. Amayi amene amagulirana mafiriji ndi malata kudzera m'chipereganyu ndi banki m'khonde sangalephere poto.

Mfundo yachitatu ndi ya pakamwa. Amati nyemba za mu pulesha zimakhala zamadzimadzi, zopanda msuzi wogwirana uja wa mu mphika wa dothi, ndipo ena amawonjezera kuti kutentha kotere kumapha zofunika m'thupi. Za kukoma ndikuwamvetsa, nanenso ndinakulira nyemba za mu mphika. Koma cholakwika chimakhala chofuna kuti poto achite zonse. Ntchito yake ndi kufewetsa basi. Zikafewa mumatsegula, kukazinga anyezi ndi tomato, kuthiramo, kuphwanyako zina ndi chipande, n'kusiya zibwate mphindi 10 osavundikira, ndipo msuzi umagwirana. Za zofunika m'thupi ndiye zatembenuzidwa. Chakudya chimene chakhala pamoto nthawi yochepa m'madzi ochepa chimasunga zambiri kuposa chimene chabwata maola atatu. Chimene chimawononga vitamini B1 mu nyemba ndi soda amene timathira pofuna kupulumutsa makala, ndipo mwini poto wa pulesha sodayo samufunanso. Masamba, chambo ndi usipa musaikemo, zimapsa zokha msanga ndipo mungapeze phala.

Yachinayi ndi imene imandivuta kwambiri kuyankha, choncho sindiinyalanyaza. Mapotowa anapangidwira sitovu imene moto wake umachepetsedwa ndi kabatani. Mbaula ilibe kabatani. Poto akayamba kulira amafuna moto wochepa wongomusunga pamenepo, ndipo makala oyaka ngwee amamupitiriza muyezo, madzi amatha msanga, zogwirira za pulasitiki zimapsa. Yankho langa lili ndi malire. Pa mbaula ya makala zimatheka, ndimachita sabata iliyonse: makala ochepa kuposa a masiku onse, wezulo akangoyamba ndimatseka kachitseko ka pansi ndi kuphulako makala ena ndi mbaniro, nthawi ikakwana ndimamuphula n'kumusiya pansi azizire yekha, ndipo kutentha kotsalako kumamaliza ntchito. Koma pa mafuwa, pamene malawi amanyambita mbali zonse, sindingalangize munthu. Kwa mayi wa kumudzi wophikira nkhuni, chitetezo mbaula ndi kunyika nyemba usiku zimuthandiza kuposa potoyu. Ndivomerenso kuti nsima simungaphikiremo, choncho amene akuti poto wa pulesha athetsa kudula mitengo akukokomeza. Amachotsa gawo la ndiwo zolimba lokha, koma gawo limenelo limadya makala ambiri. Ena amati bwanji osangogula wa magetsi, amene amadzichepetsera yekha moto. Ndi wabwino ndipo sadya mayunitsi ambiri. Koma tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Wa pamoto uja mumamuchotsa pa hotipuleti magetsi akazima n'kumuika pa gasi kapena pa mbaula, nyemba osaona kusiyana.

Yotsiriza inanenedwa ndi mkulu wanga mwini, ndipo ndi imene inandikhudza. "Iwe ukunena ngati uziphika ndiwe," anatero. "Nanga mwana wa sukulu? Nanga mtsikana wantchito?" Ndi zoona kuti m'nyumba zambiri wogula ndi wina, wophika ndi wina. Madamu amabwera ndi katoni, kabuku ka m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi kamatayidwa limodzi ndi mapepala, m'mawa amangoti "uphikemo nyemba" n'kumapita ku ntchito. Mtsikanayo amaopa kufunsa, ndipo safunsa anadya phula, koma wolakwa apa ndi amene sanamuonetse. Zofunika kudziwa si zambiri moti munthu angalephere. Musanatseke, chotsani kachitsulo ka pamwamba, muyang'ane kabowo moloza kuwala, muone kuti kakuonekera mbali ina. Nyama ndi zina musapitirire magawo awiri mwa atatu a poto, nyemba ndi nandolo theka lokha kuphatikiza madzi, chifukwa zimafufuma ndi kuchita thovu. N'chifukwa chake banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi limafuna wa malita 6, osati 3. Kasipuni ka mafuta ophikira kamachepetsa thovu. Madzi asachepere kapu yodzaza. Phala ndi zina zonanda zisalowemo, ndipo musayese kukazingiramo nkhuku m'mafuta ambiri chivundikiro chili chotseka. Poto amene amalira akangoti chete moto ukuyakabe, zimitsani kapena phulani pomwepo, musasonkhezere ngati azakhali anga. Pomaliza, chivundikiro chikakana kutseguka, chikukuuzani kuti nthunzi ikadalimo. Musachimenye ndi mthiko, musachikanule ndi mpeni. Dikirani. Anthu ambiri amene amapsa amapsa pamenepa, chifukwa cha changu cha mphindi zisanu. Mwana wamng'ono asamugwire n'komwe, monga mmene sitimupatsira mafuta owira a mandasi, koma palibe amene anasiya kuphika mandasi pachifukwa chimenecho.

Kumene ndingagwirizane ndi amantha aja kotheratu ndi pa kagulitsidwe. Chida chotere sichiyenera kugulitsidwa ngati beseni. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene ntchito yake ndi kuona ubwino wa katundu wolowa m'dziko, liyenera kuyang'anitsitsa mapoto opanda dzina amene adzaza m'misika, ndipo woitanitsa aliyense azikakamizidwa kubweretsa mphira ndi mavalavu osinthira pamodzi ndi kapepala ka malangizo m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Pa mabotolo a mankhwala a mbewu zimatheka kulemba m'zilankhulo zathu, ndiye pa katoni ya poto chingalephereke n'chiyani?

Pakhonde paja sitinagwirizane, ndipo potoyo sanalowe pa mndandanda wa gulu. Ndinakagula ndekha, wa malita 6, pansi pochindikala, ndi mphira awiri apadera amene ndinawakulunga m'kajumbo n'kulembapo saizi yake. Loweruka lapitali ndinamuitana kunyumba mwana wa mkulu wanga uja, tinanyika nyemba za kholophethe Lachisanu usiku, ndipo ndinamusiya achite zonse yekha ine nditakhala pa mpando. Wezulo woyamba atalira anathawira pakhomo. Wachiwiri anabwerera n'kuchepetsa moto. Mayi wa kumpingo uja wanditumizira uthenga dzulo, akufunsa ngati mang'ina amapsadi osakwana ola, komanso ngati angabwere kudzaonerera ataima patali.